Vanishi wa Alamu Anga

Fungo ndi limene linayamba kundiuza kuti zinthu zalakwika. Ndinali nditangotuluka m'chipatala Lolemba masana, kumene anandigoneka masiku angapo shuga atakwera, ndipo ndisanavule n'komwe nsapato ndinakoka chikwama cha gitala kuseri kwa kabati. Nditatsegula zipi, m'mphuno mwanga munalowa fungo la mipando yatsopano. Ndinapisa dzanja n'kugwira khosi la gitala. Chikhatho chinakakamira pomwepo ngati ndagwira chitseko chopakidwa penti dzulo.

Gitala yangayi ndi ya magetsi, ndipo ndinaigula mwana wathu wamkazi asanabadwe, yemwe pano ali pabanja pake. Thupi lake ndi la penti wofiira, koma khosi lake, kumene kumayenda dzanja lamanzere, ndi thabwa chabe lomwetsedwa mafuta. Khosi lotere silifuna sopo, silifuna madzi, ndipo vanishi ndiye mdani wake weniweni. Ukamaliza kuimba umalipukuta ndi kansalu kouma. Likayamba kukhakhala umalidonthezera timafuta ta matabwa, n'kupukutanso mpaka liume. Ukalisamala chonchi dzanja limangotsetsereka, ngakhale thukuta litachita kuyenderera.

Langali linali litada bii kuseri kwake, ndipo anthu ankati ndi litsiro. Mwina linalidi litsiro, koma linali langa. Pa zaka zonsezi chala changa chachikulu chinakumba timaenje kuseriko, tosaoneka ndi maso, tomveka ndi chala chokha. Ndinene zoona pano kuti timvane: maso anga akutha. Shuga yemweyu wawadya pang'onopang'ono, moti timadontho toyera tam'mbali mwa khosi, timene woimba amaonera pamene dzanja lafika, ndinasiya kutiona kalekale. Ndinkaimbira timaenje tija. Chala chikagwera m'kadzenje, ndinkadziwa pamene ndili. Nkhani ya masoyi sindinauze munthu, kaya akazi anga, kaya a m'bandi.

Tsopano kuseri kwa khosi kuja kunali see, kosalala kuyambira kumutu mpaka kuthupi, konyezimira ngati bokosi la maliro a munthu wolemera. Ndinayendetsa chala uku ndi uku kufunafuna kadzenje ngakhale kamodzi. Panalibe.

Akazi anga ndi telala, ndipo amasokera pakhonde. Ndinatulukira kumeneko gitala ili m'manja. Iwo sanayimitse n'komwe makina. Anati achimwene awo anabwera kudzaitenga Lachisanu, aikonza bwino, ndipo ndisaiwale kukawathokoza chifukwa anasiya ntchito ya anthu n'kuyamba yanga. Ndinawafunsa amene anawatuma. Anati ndi iwowo, kodi palakwika? Ndinatsegula pakamwa, koma mawu amene anabwera anali oti sanganenedwe pakhonde, makasitomala awiri atakhala pabenchi kudikira madiresi awo. Ndinawameza, n'kubwerera m'nyumba.

Chimene chinkandiwotcha kwambiri n'chakuti nthawi ndinalibe. Mkulu wa bandi yathu timam'tcha Wailesi, chifukwa akayamba kulankhula palibe pozimitsira. Anabwera kudzandizonda kuchipatala atanyamula malalanje, ndipo pakati pa nkhani zake zambirimbiri anatchulamo kuti Loweruka lapitalo m'malo mwanga munaimba Mphezi, mkulu wina wa zala zothamanga yemwe bandi yake inatha. Akuti anthu anamukonda. Anabwereza kawiri kuti anthu anamukonda. Kenaka anati Lachinayi ndikapezeke pokonzekera, aone ngati mphamvu zabwerera, popeza Loweruka masana tikaimba kuhotela kumene safuna zophonyaphonya. Munthu wamkulu sauzidwa zonse. Ndinamva kuti malo anga ali pamphepete.

Ndinayesa kukhala pampando, koma pampando panali ngati pali linthumbu. Ndinapita kukhitchini, kubwerera, kupitanso. Mwayi wake m'nyumba mwathu ndimayendamo osapunthwa, chifukwa amayi a kunyumbawa, amene kale ankasuntha mipando mwezi ndi mwezi mpaka munthu kusokera m'nyumba mwako momwe, chaka chatha analeka khalidwe limenelo. Ndinkati ndi ukalamba wayamba kuwagwira. Nditazungulira tebulo kokwanira, ndinabereka gitala kumsana n'kuuyamba ulendo wa kwa alamu.

Alamu anga ndi kalipentala. Shedi yawo ili kuseri kwa malo ochapira magalimoto, ndipo ukamayandikira umayamba kuponda utuchi usanaone chitseko. Amapanga matebulo, zitseko, mabedi, ndi mabokosi a maliro akapezeka wofuna. Ndi chimunthu chachikulu chofatsa, cholankhula ngati mawu akuchita kugula, ndipo chikhulupiriro chawo n'chimodzi: thabwa losapaka vanishi ndi ntchito yosatha. Atandiona anavula chipewa, kumwetulira mpaka m'makutu, n'kundifunsa ngati ndaiona ntchito.

Sanadikire yankho. Anayamba kundifotokozera mmene anavutikira. Akuti litsiro linali lochita kupala ndi mpeni, ndipo pansi pa litsirolo anapeza thabwa lili mabampu okhaokha, ngati msewu wa fumbi nthawi ya mvula. Anawasalaza onse ndi sandipepa, osasiya ngakhale limodzi. Kenaka anapaka vanishi wabwino, amene amasungira mabokosi a mabwana, n'kubwereza kuti akhute. Anati tsopano gitala imeneyi adzaimbira ndi adzukulu anga.

Ndinawayang'ana alamu anga, kapena ndinene kuti ndinayang'ana chimthunzi chachikulu chimene chinaima patsogolo panga. Pabenchi pawo panali nyundo, ndipo dzanja langa linaidziwa pamene inali. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthuyu ndi mlongo wa akazi anga, ndiponso ndi yemwe anatikhomera denga mphepo italisasula, osafunsa kanthu. Ndinangowauza kuti khosi la gitala si tebulo, ndipo andipatse sandipepa ndichotse zimene apakazi. Kumwetulira kuja kunazima. Anafunsa ngati mtundu wa vanishi ndi umene sunandisangalatse, chifukwa ali naye wina woderako.

Ndinamasula mawaya, kumasula mabawuti a kuseri, khosi n'kulekana ndi thupi. Ndinakhala pa chitsa n'kuyamba kupala. Alamu anati andithandize, ine ndinakana. Anati ndiyambe ndi sandipepa wokhakhala ndimalize ndi wosalala, ndinati ndikudziwa. Anati ndizitsata mmene thabwa linagonera, osati mopingasa, ndinati ndikudziwanso. Anakaima poteropo n'kumapala mwendo wa tebulo mwakachetechete, koma ndinkamva kuti maso awo ali pa ine. Vanishi uja ankachoka ngati ufa, kulowa m'mphuno ndi m'maso, ine osapumira. Nditatopa ndinayendetsa chikhatho pathabwa paja. Linali loyera, louma, lachilendo, ngati dzanja la munthu amene sunam'patsepo moni.

"Alamu, kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero pondiperekeza pakhomo. "Mafutawo musawathamangitse."

Munthu wondiwonongera chinthu analibe malo ondiphunzitsa kudekha.

Kapakidwe ka mafuta ndimakadziwa, ndakhala ndikuchita zimenezi theka la moyo wanga. Umadontheza pang'ono pakansalu, kupaka mopyapyala, kudikira kanthawi kuti thabwa limwe, kenaka kupukuta onse otsala pamwamba. Paliponse pamene pakunyezimira ndiye kuti mafuta atsalira, ndipo ukawasiya amauma ngati ulimbo. Ukatero umalisiya khosilo tsiku lathunthu osaligwira. Nzeru zonsezi ndinali nazo. Chimene ndinalibe ndi maso oonera ponyezimira, komanso mtima wodikira.

Ndinapaka Lolemba lomwelo madzulo, mowolowa manja, poganiza kuti thabwa lopalidwa chatsopano lili ndi ludzu. Ndinaliimika pawindo la kuchipinda. Sipanapite nthawi ndinapita kukaligwira. Linali lonyowa. Ndinatuluka panja, kuzungulira nyumba, kubwerera, kuligwiranso. Lachiwiri m'mawa ndinalitulutsa padzuwa, kenaka ndinaopa kuti lipindika, n'kulilowetsa. Ndinalibweretsa pafupi ndi mbaula, n'kuopanso moto. Masana ndinaona ngati likukhakhala penapake, ndiye ndinawonjezera mafuta. Lachitatu ndinawonjezeranso. Amayi ankandiyang'ana ndikulowa ndi kutuluka, ndipo kamodzi anandifunsa ngati angandigwirire kansalu. Ndinawauza kuti banja lawo lagwira kale zokwanira pagitala imeneyi.

Mawu amenewo anawapweteka, ndinamva mmene makina anayambira kuthamanga pakhonde. Inenso anandipweteka, koma sindinawabweze. Chakudya ndinkadya choimirira. Mankhwala ndinkamwa mochita kukumbutsidwa. Ndikagona ndinkangoona dzanja langa likuyenda pakhosi lopanda malire, kufunafuna poima.

Lachinayi m'mawa ndinamanga khosi, kukoka mawaya, kuchuna. Ndikanakhala wanzeru ndikanamva pomwepo kuti zinthu sizili bwino, chifukwa chikhatho chinkachita kumata n'kumatuka. Ndinadzinamiza kuti dzanja likatentha zisintha. Fulumira adadya gaga, amatero akuluakulu, ndipo ine tsiku limenelo ndinanyamula gaga wanga kumsana n'kukwera naye basi.

Timakonzekerera m'galaja ina kuseri kwa shopu ya matayala. Muli mdima ngakhale masana, mawaya ali pansi paliponse, ndipo ndimalowamo mokweza mapazi ngati ndikuwoloka madzi. Wang'oma anandilandira ndi nthabwala zake zoti achipatala andibweza chifukwa ndimawasokosera. Woimba gitala ya bezi anandigwira paphewa. Kenaka ndinamva mawu achilendo pakona, munthu atakhala pa sipika. Anali Mphezi. Wailesi anati mkuluyu amangodutsa, wangoti aime pang'ono amvere. Munthu wongodutsa sanyamula gitala, koma ine phazi langa linagunda chikwama chake pafupi ndi chitseko.

Nyimbo ziwiri zoyamba ndinazikoka bwino, popeza zimaimbidwa kumutu kwa khosi kumene dzanja silisochera. Yachitatu ndi imene anthu amatidziwira. Pakati pake ng'oma zimadula, onse amakhala chete, ndipo ine ndimatsetsereka kuchokera kumutu mpaka pafupi ndi thupi la gitala, n'kuima pamalo amodzi okha oyenera. Ndaiimba nyimbo imeneyi kosawerengeka. Ng'oma zinadula. Dzanja linanyamuka, linamata panjira, ndinalikankha, n'kupitirira. Mawu amene anatuluka mu sipika anali ngati mbuzi yopanidwa pachitseko.

Wailesi anati tibwereze. Ulendo uno ndinaperewera. Tinabwerezanso, ndipo ndinaweramira pakhosi paja mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda mawaya, kufuna timadontho tija. Ndinangoona chifunga. Wang'oma anasiya nthabwala. M'galaja monse munangotsala kulira kwa sipika.

Wailesi ananditengera panja, pafupi ndi mulu wa matayala akutha. Analankhula zambiri monga mwa nthawi zonse, za ubale wathu, za mmene tinayambira ndi sipika imodzi yobwereka, za thanzi kuti ndi chuma. Pamapeto pake anafika pamene ankapita. Anati Loweruka ndibwere, koma Mphezi abweranso. Nyimbo ija tidzayambira yomweyo, ndipo ikadzandikana ndidzakhale pansi ndipumule, osati tsiku lokhalo. Ndinamuuza kuti vuto ndi khosi la gitala, alamu anga analiwononga. Anati iye akumva, koma a kuhotela sadzafunsa za alamu.

Sindinakwere basi pobwerera. Ndinayenda wapansi njira yonse, kuwombana ndi anthu, kupepesa mitengo ya magetsi, mkwiyo ukukulirakulira. Ndinkayeseza mawu oti ndikanene kunyumba, ndipo pofika pageti ndinali nditawanola bwino. Makasitomala anali atapita, dzuwa likupendeka, amayi akumalizitsa mpendero wa siketi. Ndinaika gitala patebulo lawo losokera, pamwamba pa nsalu ya eni ake, n'kuyamba. Ndinati ntchito yanga yatha chifukwa cha iwo ndi mlongo wawo. Ndinati zaka zonsezi sindinagwirepo makina awo, nanga iwo chinawatuma n'chiyani kugwira chinthu chimene sachidziwa? Ndinati ngati litsiro linkawanyansa akanandiuza ndizikaisunga kwina.

Makina anaima. Anachotsa gitala pansalu paja mosamala, n'kuigoneka pamiyendo pawo.

"Silinali litsiro, abambo," anatero. "Timadontho toyera tam'mbalimu tinali titakwiririka. Ndinkakuonani mukuweramira, mukutifuna. Ndinati achimwene akalitsuka n'kuliwalitsa, mwina muzitiona."

Mawu onse amene ndinanola panjira anagwera pansi. Ndinafufuza benchi ya makasitomala ndi mwendo n'kukhala. Patapita kanthawi ndinawafunsa kuti adziwa liti.

"Tsiku lija munandipatsa moni pamsewu wa kumsika," anatero. "Munati, muli bwanji mayi, n'kundidutsa."

Sindinkalikumbuka n'komwe tsikulo. Iwo anati chinali chaka chatha, mvula isanayambe. Anafika kunyumba n'kulira kubafa, kenaka anaganiza kuti poti mwini wake sakufuna kunena, iwo sayambitsa. Kuyambira pamenepo analeka kusuntha mipando. Kapu yanga ankaiika malo amodzimodzi, nsapato malo amodzimodzi, ndipo ndalama za basi ankandipatsa zokwanira ndendende kuti ndisavutike ndi chenji. Ine ndinkayenda m'nyumba muja modzitama kuti ndabisa bwino, osadziwa kuti pali munthu akundilambulira njira tsiku ndi tsiku.

Ndinachita manyazi, ndipo ndinachitanso mantha, chifukwa chinthu chikanenedwa pakamwa chimakhala chenicheni. Ndinawauza kuti timadonthoto ndinasiya kutiona kale, ngakhale atatipaka laimu. Ndinawauza za timaenje ta chala changa, kuti ndi timene tinali maso anga, ndipo ndi mabampu amene achimwene awo anasalaza. Anagwira pakamwa. Kenaka anayamba kupepesa, ine n'kuwaletsa, iwo n'kupitiriza, mpaka udzudzu unayamba kutiluma pakhonde paja. Atayendetsa dzanja pakhosi la gitala anati nanga ulimbo uwu wachokera kuti. Ndinavomera kuti umenewo ndi wanga.

Lachisanu m'mamawa tinapita limodzi kwa alamu. Panjira amayi anandigwira pachigongono powoloka msewu, ndipo ndinafuna kuchotsa mkono, koma ndinausiya. Titafika ndinawauza alamu ndekha, mosazungulira, kuti maso anga akutha ndipo mabampu aja ndinkaimbira. Chimunthu chija chinakhala pansi pa bokosi losamaliza. Chinavula chipewa, kuchivala, kuchivulanso. Anati akanadziwa sakanayerekeza, ndipo anabwereza mawu omwewo mpaka mlongo wawo anawauza kuti kulira kwakwana, nthawi ikutha.

Anafunsa ngati mabampuwo angabwezeretsedwe. Ndinati anakumbidwa ndi chala pa zaka zambiri, ndipo zaka zimenezo ndilibe. Anapita kukafukula m'bokosi la zipangizo n'kubwera ndi tupa yaing'ono yobulungira. Anati chala chimakumba pang'onopang'ono chifukwa chilibe mano.

Tinayamba ndi kuchotsa ulimbo wanga. Amayi ananyowetsa kansanza ndi sipiriti n'kumapukuta pang'onopang'ono, kusintha kansanza kakada, mpaka chikhatho changa chinavomereza kuti thabwa layera. Kenaka ndinakhala pa chitsa chija, gitala pamwendo ngati ndikuimba. Ine ndinkatchula malo, amayi ankawerenga tizitsulo ta pakhosi ndi maso awo akuthwa a telala n'kuika zala zanga poyenera, ndipo pamene chala chachikulu chagwera kuseri alamu ankalembapo ndi pensulo. Tinatsutsana kangapo. Ine ndinkati apa, amayi ankati ayi mwapitirira, ndipo nthawi zonse tikaliza waya opambana anali iwo.

Alamu anagwira tupa ija ngati akugwira khanda. Ankapala kamodzi, kawiri, n'kundipatsa kuti ndimve. Ndinkati awonjezere pang'ono, iwo n'kuwonjezera pang'ono kuposa pamene ndanena, kuopa kulakwanso. Mtima wanga unkafuna kuwalanda tupayo, koma ndinadzigwira. Kadzenje ka nyimbo ija, kapafupi ndi thupi, ndinawapempha kuti akakuye kuposa tinzake. Atamaliza anasalaza m'mphepete mwa timaenje tonse ndi sandipepa wosalala kwambiri, n'kupemerera fumbi. Kenaka anatsokomola n'kunena kuti kavanishi kochepa chabe, kongotetezera, sikangalakwe. Mlongo wawo anangowayang'ana, iwo n'kubweza chitini pashelefu.

Pofika pa mafuta ndinamasulanso khosi, n'kutambasula dzanja kuti andipatse botolo. Amayi sanandipatse. Anandifunsa kuti ndiwauze kachitidwe kake, ndipo ndinawauza: madontho ochepa, kupaka mopyapyala, kudikira, kupukuta. Anachita momwemo. Atapukuta anatengera khosi lija pakhomo, kuliyang'anitsa padzuwa, kulitembenuza.

"Apa pakunyezimira," anatero, n'kupukutanso. "Apanso."

Ndinayang'ana kumene ankaloza. Sindinaone kanthu. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa kuti ngakhale nditadekha chotani, ntchito imeneyi sindingaithenso ndekha.

Alamu anayanika tinsanza ta mafuta panja pa waya, ati tikaunjikana timatha kuyaka tokha, ndipo shedi yawo ndi utuchi wokhawokha. Khosi analikoleka pamsomali mkati, n'kukhoma chitseko ndi loko. Kiyi anapatsa mlongo wawo, osati ine. Anandidziwa bwino. Masana onse a Lachisanu ndinazungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira, ndipo kawiri ndinapezeka ndili pageti nditavala nsapato. Amayi ankangoti ndikafika kumeneko ndikawapatsire moni a loko.

Loweruka m'mawa khosi linali litauma, losalala bwino, losamata. Ndinalimanga, kuchuna, n'kuyesa nyimbo ija kangapo m'shedi momwemo popanda sipika. Timaenje tatsopanoti sitinali ngati takale. Tinali takuthwa pang'ono m'mphepete, tachilendo, ndipo kamodzi chala chinadumpha kadzenje kena. Nthawi yoti ndizolowere panalibe.

Kuhotela tinaimbira panja, pa kapinga, pansi pa tenti. Dzuwa linali lowala kwambiri moti anthu onse anali ngati nsalu zoyanikidwa zikugwedezeka. Amayi anabwera nawo, koyamba pa zaka zambiri, ndipo anakhala pampando kumbali kwa masipika chikwama cha gitala chili pamiyendo. Mphezi anali kuseri kwathu, gitala yake atachuna kale, ndinkamva akuikodola pang'onopang'ono. Manja anga anali thukuta lokhalokha. Wailesi analonjera anthu motalika monga mwa chizolowezi chake, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinalakalaka atapitiriza.

Nyimbo inayamba. Vesi loyamba linadutsa, lachiwiri linadutsa. Ndinamva wang'oma akukweza ndodo kukonzekera kudula, ndipo khosi langa lenilenili linayamba kuwerama lokha kuti ndifune timadontho. Ndinadziletsa. Ndinaweramuka, n'kutsinzina. Ng'oma zinadula, dzanja linanyamuka, thabwa linalilola kudutsa, chala chinamva kadzenje koyamba, kachiwiri, kachitatu, kenaka chinagwera m'kakuya kaja n'kuima. Mawu anatuluka oyera, ndipo ndinawagwira pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene timachitira, mpaka wang'oma anachita kundilanda ndi ng'oma zake akuseka.

Sindinganame kuti ndinaimba bwino tsiku lonse. Pa nyimbo ina yapakati ndinaphonya, wabezi n'kundikwirira. Koma Mphezi sanaitanidwe, ndipo popuma ndinamva zipi ya chikwama chake ikutsekedwa.

Titamaliza Wailesi anabwera akupukuta nkhope ndi thaulo. Anati wandiona ndayamba kuimba chotsinzina ngati akatswiri a pa kanema, kodi kuchipatala amaphunzitsanso matama? Ndikanatha kuseka naye n'kuzisiya pomwepo. Koma ndinali nditatopa ndi kukweza mapazi m'galaja muja ngati ndikuwoloka madzi.

"Ndikuyeserera," ndinatero. "Masowa akutha, akulu. Posachedwa ndiziimba chonchi nthawi zonse."

Wailesi anazima. Pa zaka zonse zimene ndam'dziwa sindinamumvepo ali chete nthawi yaitali chotero. Anapinda thaulo lija, kulipindanso. Kenaka anatembenukira kwa wang'oma n'kumukalipira kuti mawaya a m'galaja aja azikhala ounjikidwa kukhoma, bandi si malo otcherapo misampha. Kwa ine anangoti Lachinayi ndisachedwe.

Ndinavula lamba wa gitala. Nthawi imeneyi ndi imene ndimatulutsa kansalu m'thumba n'kupukuta khosi thukuta lisanalowe, ndipo chigulireni gitala imeneyi sindinalolepo munthu kundichitira zimenezo. Ndinatulutsa kansalu kaja, kukagwira kanthawi, kenaka ndinapita kumbali kwa masipika n'kupereka zonse ziwiri kwa amayi. Ndinawauza kuti asakanikize kwambiri, ndiponso azitsata mmene thabwa linagonera. Anati ndikhale chete, akuona.

Ndinakhala pa sipika manja ali pamawondo, n'kumamvetsera kansalu kakuyenda pakhosi paja.